A Tam Khoi, Wokankha Galimoto Yamaluwa

Zinayamba m'chaka cha 1984, madzi osefukira atangoyamba kuphwa m'minda, nyengo imene misewu ya m'tauni yathu ya Sa Dec imanunkha matope ndi nsomba zouma. A Tam Khoi anali ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri. Anapereka injini ya bwato lawo n'kulandira galimoto yakuda yachifalansa imene inakhala zaka zambiri m'shedi ya chigayo cha mpunga, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wakumbuyo. Ankafuna kuti ikhale galimoto yamaluwa, yonyamula akwati, popeza m'dera lonse munali ziwiri zokha, ndipo ina inali yomanga chitseko ndi waya. Anaitsuka, anakuta mipando ndi nsalu yofiira, ndipo Lamlungu pa 4 Novembala masana anaiyendetsa kupita nayo kunyumba kuti akazi awo, a Lua, akaione.

Kamsewu kathu kamayambira patsinde pa mlatho wa ngalande, mlatho wa linunda umene anaukweza dala kuti mabwato a mchenga azidutsa pansi. Pokwera galimoto inakwera bwinobwino. Potsika a Tam anachotsa phazi pa moto, ndipo kumbuyo kunamveka phu, phu, phu, kenaka kuwomba kumodzi kwakukulu kumene kunabalalitsa nkhunda pa denga la kachisi. A Tam anaseka okha m'galimotomo. Kusekako kunatha ataima pakhomo pawo n'kuona beseni la zovala litavundikika pakhonde, mwini wake palibe.

Anapeza a Lua pansi pa bedi lamatabwa, mawondo ali pachibwano, zala zili m'makutu. Mwana wawo wamkazi, Diep, wa zaka khumi ndi ziwiri, anali atagwada pambali akuwaitana.

"Make Diep, ndine," anatero a Tam atawerama. "Ndi galimoto chabe. Tulukani muione, ndaika mipando yofiira."

A Lua sanatuluke mpaka dzuwa litapendeka, ndipo sanayankhule mpaka Lachitatu.

Tonse a m'kamsewu tinkadziwa chifukwa chake. M'mawa wa pa 31 Januwale 1968, nkhondo ili mkati, anthu akadali pa chikondwerero cha chaka chatsopano cha kalendala yathu yotsata mwezi, makombola ndi mizinga zinalira pamodzi, ndipo panalibe wodziwa kusiyanitsa. A Lua anali m'mbali mwa ngalande akutsuka mpunga. Mwana wawo woyamba, wamwamuna wa miyezi isanu, anali mtulo m'nyumba. Atamva kuwomba anaganiza kuti ndi makombola a ana a oyandikana nawo, n'kupitiriza kutsuka mpunga uja. Kuwomba kwachitatu kunagwera pa nyumba yawo. Kuchokera tsiku limenelo chilichonse chophulika chinkawagwetsa pansi. Chaka chatsopano chikayandikira, a Tam ankawapalasira pa bwato kupita ku msasa wa mchimwene wawo pakati pa minda, ndipo m'kamsewu mukakhala ukwati, eni ake ankatumiza mawu dzulo lake kuti a Lua achokepo. Tsopano chophulika chinali chitabwera kudzagona pakhomo pawo penipeni.

A Tam sanaganize zogulitsa galimoto. Bwato linalibenso injini, ndipo ankakhulupirira kuti vuto ndi la sabata imodzi. Injini ankazidziwa. Ankafotokozera aliyense wowaimira pafupi kuti kuwomba kuli mitundu iwiri. Galimoto ikayetsemulira kutsogolo, kukabuleta kumene petulo amasakanikirana ndi mpweya, ndiye kuti ili ndi njala, petulo wachepa ndipo mpweya wachuluka, kapena moto wafika khomo la petulo lisanatsekeke. Ikawombera kumbuyo, ndiye kuti petulo wosapsa watsikira m'paipi ya utsi yotentha, wakumana ndi mpweya, n'kuyakira komweko. Yawo inali ya mtundu wachiwiri, ndipo inkachita makamaka akachotsa phazi pa moto.

Anayamba ndi kabuleta. Anaimasula yonse pa thireyi ya tiyi, anaitsuka, anauzira timabowo tonse, anamasula pang'ono kasikuluwu ka petulo. Galimoto inakhala chete mpaka Khirisimasi, kenaka inawomba pakhomo pa chipatala. Anasintha mapulagi. Anakwecha ndi msasa mapointi, tizitsulo todula moto wa mapulagi, anasuntha nthawi ya moto kupita kutsogolo, kenaka kuibweza. M'nyengo ya mvula ya 1986 anapeza mng'alu pa chivundikiro cha disitiributa yogawira moto ku mapulagi, m'mene chinyontho chinkalowera n'kumasokoneza moto, ndipo anabwera kunyumba akuimba. Inawombanso mwezi usanathe. M'chaka cha 1988 anakwera basi mpaka ku Saigon kukafuna mavalavu otsekera makomo a petulo ndi utsi, chifukwa imodzi inali itapsa m'mphepete. Ankanunkhiza botolo lililonse la petulo asanagule, popeza ogulitsa m'mbali mwa msewu ankathiramo palafini. Zonsezi zinali matenda enieni, ndipo chilichonse chikakonzedwa galimoto inkayenda bwinoko. Koma kuwomba kunkangopita kukapuma n'kubwerera.

Choncho anapanga lamulo lawolawo, ndipo ndi limene anthu amawakumbukira nalo kuposa maukwati onse amene anayendetsa. Injini siinkalira m'kamsewu kathu. M'mawa ankatsegula chitseko cha dalaivala, dzanja lina pa chiwongolero, phewa pa chitsulo, n'kuikankha mpaka kumapeto ena a kamsewu, kuseri kwa fakitale ya madzi oundana, kumene makina ankabangula usana wonse. Kumeneko ndiko ankailiza. Pobwera ankadzera pa mlatho. Akafika pamwamba ankazimitsa kiyi, n'kuchotsa giya, galimoto n'kumatsetsereka yokha ngati bwato. Inkathera mphamvu pa mtengo wa bwemba, ndipo kuchokera pamenepo mpaka pakhomo ankakankha. Dzuwa liswe mtengo, mvula igwe, zinali chimodzimodzi. Phewa lamanja la malaya awo onse linali ndi chigamba.

Patsinde pa mlatho panali a Sau Tung, mnzawo wa kuubwana, wogulitsa khofi pa timipando totsika, munthu amene pakamwa pake sipankatsekeka.

"Tam, iwe ndi galimoto, wanyamula mnzake ndani?" ankafuula motero galimoto ikamadutsa mwakachetechete. "Bwanji osangogula njati yokoka ngolo? Njati ikaphwisa simveka mpaka kukachisi."

"Njati siyenda ndi maluwa," a Tam ankayankha osatembenuka.

"Udzafera pa bwembapo iwe. Tidzakunyamula pa galimoto yako yomweyo, tikukankha."

A Lua sankainena galimotoyo. Ankachapa nsalu za mipando, ankamanga maluwa a pabonati Loweruka madzulo, koma sanakweremo, ndipo kulira kwa injini yake sankakudziwa. Ankangodziwa phokoso la matayala pa timiyala ndi kupuma kwa amuna awo.

Pa 1 Januwale 1995 boma linaletsa makombola m'dziko lonse. Chaka chatsopano chimene chinatsatira, pa 31 Januwale, a Lua anachidyera pakhomo pawo koyamba m'zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Anakhala pakhonde atavala malaya abuluu, akugawira odutsa njere za mavwende, ndipo ena a ife tinaona mano awo kwa nthawi yoyamba. Koma anthu ambiri ankadandaula. Ukwati wopanda makombola, ankatero, uli ngati msonkhano wa makolo kusukulu. Mkwatibwi ankatsika pakhomo pa apongozi ake, kuli zii, agogo n'kumayang'anana, posadziwa ngati tsoka lathamangitsidwa kapena lalowa naye limodzi.

Lamlungu pa 12 Malichi chaka chomwecho a Tam ananyamula mwana wa wogulitsa makala kupita naye kumudzi wina kumtunda kwa mtsinje. Anali otopa, chifukwa dzulo lake anaswera pansi pa galimoto. Nyumba ya mkwati inali patsinde pa mlatho wofanana ndi wathu, ndipo atafika pamwamba dzanja lawo linazimitsa kiyi lokha, ngati akupita kwawo. Giya inali ikadali m'malo, choncho injini inkazungulirabe, ikukoka petulo n'kumamutsanulira m'paipi wosapsa. Atazindikira kulakwa kwawo anayatsanso kiyi, ali pafupi ndi chipata chokongoletsedwa ndi masamba a kokonati. Kuwomba kwake kunagwetsa chipewa cha amalume a mkwati, ndipo kumbuyo kunatuluka lawi lotalika ngati mkono.

A Tam anatsika kuti apepese. Anapeza anthu akuwomba m'manja, agogo a mkwati akupukuta misozi. Anawakhazika pa tebulo la akuluakulu n'kuyamba kuwathirira iwo mowa wa mpunga.

Mbiri inayenda msanga. Pofika nyengo ya maukwati ya kumapeto kwa chakacho, munthu ankayamba wafunsa tsiku limene a Tam ali ndi mpata asanapite kwa woona masiku abwino. Wapolisi wina anabwera pa khofi wa a Sau n'kuuza a Tam kuti atsegule kumbuyo kwa galimoto. Anapezamo sipanala, botolo la madzi ndi chingwe.

"Ndiye chimawomba n'chiyani, amalume?"

"Ukalamba, bwana," anayankha a Sau, a Tam asanatsegule pakamwa. "Nanunso mudzafika. Palibe lamulo loletsa."

Wapolisiyo anamwa khofi n'kupita. Patapita miyezi inayi a Tam ananyamula mchemwali wa wapolisiyo pa ukwati wake.

Kuwomba kwadala kunkang'amba sailensa ya paipi ya utsi pafupipafupi, ndipo wowotcherera zitsulo ankati tsopano msoko wachuluka kuposa chitsulo. Khutu lamanzere la a Tam linayamba kulira lokha. Koma anayamba kuyenda atadzutsa mutu. Munthu amene kwa zaka khumi ankasekedwa ndi aliyense tsopano ankaitanidwa ndi maina onse awiri. Anadziikira malire: sadzawombera m'dera lathu, koma kumidzi yakutali kokha, ndipo ankakana maukwati a pafupi. Lamulo la kamsewu silinasinthe. Ankafika kunyumba akukankha monga kale, n'kupeza a Lua atasamba kumaso, mpunga uli pa moto, ndipo mtima wawo unkakhala m'malo.

Mu Okutobala 1997 Diep anatomeredwa ndi Loc, mwana wa a Hai Kieng, mayi wamasiye wogulitsa nsalu mumsika. Nyumba yawo inali tsidya lina la ngalande yathu, patsinde lina la mlatho womwewu, moti munthu akaitana mwana kumeneko ife tinkamva. Ukwati anauika pa 21 Disembala. A Hai Kieng anaimitsa a Tam pa khofi wa a Sau, ambulera ili m'manja.

"Asebele, za mbale za mphatso tagwirizana, za nkhumba tagwirizana. Chatsala chimodzi, ndipo si choti ndichite kukuuzani."

"Tsidya lomweli ndi pafupi, asebele. Mukudziwa za akunyumba."

"Ndikudziwa, ndipo ndimawamvera chisoni. Pakhomo panu sitipempha kanthu, tidzabwera ndi mbale mwakachetechete. Ndikunena pakhomo panga. Ana a eni mwawawombera zaka zitatu, mpaka wa wogulitsa makala. Wanu yekha alowe m'nyumba mwanga zii? Mukudziwa mkwatibwi amene amalowa opanda phokoso ndi wotani. Amene ali kale ndi katundu m'mimba, wodzera khomo lakuseri. Anthu adzayamba kuwerenga miyezi tisanachotse matebulo."

"Diep si wotero."

"Ine ndikudziwa. Msika sudziwa."

A Tam anati akaganiza. Madzulo amenewo, akupukuta galimoto pakhomo, Diep anabwera n'kuima pambali, atapinda manja. Anali atamva kale za pa khofi.

"Bambo, musawombe. Za msika ndidzaziona ndekha."

"Ndikanakonda kudakakhala kutali, ngati maukwati enawa."

Diep anayang'ana kukhomo kaye, kenaka anatsitsa mawu. "Mumaganiza kuti enawo samveka?"

"Ndimawombera kumidzi."

"Pamadzi phokoso limayenda, bambo. Masiku ena limafika, masiku ena ayi, kutengera mphepo, ndiye iwo sadziwa. Mukangotuluka ndi maluwa amalowa pansi pa bedi. Amatuluka akamva matayala pa timiyala, n'kuthamangira kukasamba kumaso."

A Tam anasiya kupukuta. "Kuyambira liti?"

"Kuyambira mwana wa amakala uja."

"Ndipo iwe osandiuza?"

"Anandiletsa. Ankati tisakusokonezeni, mwayamba kudya mbale ziwiri."

Anakhala pa chakudya n'kudya mpaka nsomba itatsala mutu. Kenaka a Lua, osadzutsa maso pa mbale, anati, "Bambo a Diep, mudzawombe."

"Ndani wakuuzani?"

"Kamsewu kano kali ndi chinsinsi? Mudzawombe kamodzi, mwamphamvu, amve mpaka kumsika. Mwana asalowe ngati wolakwa. Ine ndidzaika thonje m'makutu."

"Make Diep, ndi pafupi kwambiri. Zidzamveka ngati m'nyumba muno."

"Pansi pa bedi ndimapadziwa," anatero a Lua. "Ndimasesapo."

Lolemba pa 1 Disembala linali tsiku lachiwiri la mwezi pa kalendala yathu ija, tsiku limene madalaivala amafukizira galimoto zawo lubani. A Tam anaikankha mpaka kuseri kwa fakitale monga mwa masiku onse, anailiza kuti itenthe, n'kuika pansi mbale ya nthochi ndi mchere pafupi ndi chitseko cha dalaivala. Zaka zonse ankazimitsa injini asanayatse timitengo ta lubani, koma tsikulo mutu unali kwina, ndipo anaisiya ikulira. Atagwada anaona kuti utsi wa lubani sukukwera molunjika. Unkapendekera kunsi kwa galimoto, ukunjenjemera mofanana ndi kugunda kwa injini, kukankhidwa n'kukokedwa.

Anagona chagada pa dothi n'kulowa, kamtengo kamodzi kali m'manja. Anatsata utsiwo mpaka pa paipi yakutsogolo, pamene imapindikira kunsi kwa mapazi a dalaivala. Pamwamba pake, mbali yoyang'ana ku thupi la galimoto, kumene diso silifika, panali mng'alu woonda ngati tsitsi. Chitsulo chikazizira unkatsekeka. Chikatentha unkayasama, ndipo munthu akachotsa phazi pa moto unkayamwa mpweya wa kunja n'kuupereka kwa petulo wosapsa. Sailensa anali ataimasula kambirimbiri, koma paipi imeneyi ankangoiyang'ana kunsi, ikuoneka yabwinobwino.

Wowotcherera anautseka usana usanakwane. A Tam anakwera ndi kutsika milatho yonse ya tsidya la kumsika, akuchotsa phazi mwadzidzidzi, akuyembekeza. Panalibe ngakhale phu mmodzi. Anaimika galimoto pansi pa mtengo n'kukhala pa mwala nthawi yaitali, akuyang'ana zikhatho zawo. Zaka khumi ndi zitatu zinali zitathera pa mng'alu umene munthu akanauphimba ndi chikhadabo. Sanasangalale. Kuwomba kobwera kokha kunali kutatha, koma kwa pa ukwati kunali kukadali pa kiyi, ndipo kuyambira tsikulo chilichonse chimene galimotoyo ikanawomba chikanakhala cha dzanja lawo, osati cha chitsulo.

Pa 21 Disembala kunacha bwino. A kuchimuna anabwera wapansi ndi mbale zofiira, analambira mizimu ya makolo pa guwa la m'nyumba, anaveka Diep ndolo. Monga mwa mwambo wa banja lawo, mayi saperekeza mwana ku nyumba ya mwamuna, choncho a Lua anatsala. Anakonza kolala ya Diep, anapatsa a Tam mpango wopukutira thukuta, ndipo a Tam anaona thonje likusuzumira m'thumba la malaya awo. Galimoto inali ikudikira kuseri kwa fakitale. Bambo wa mkwatibwi sayenera kukhala dalaivala, koma panalibe wina wodziwa kiyiyo. Anazungulira njira ya kumsika kuti anthu aone, kenaka analunjika pa mlatho kuchokera mbali yathu.

A Sau anali ataimirira pa mpando wawo. "Tam, lero ung'ambe paipi yonse. Ndatseka makapu."

Pamwamba pa mlatho zonse zinkaoneka. Kutsogolo kunali chipata cha masamba, a Hai Kieng atavala zofiirira, anthu a mumsika atadzaza msewu, ena atatseka kale makutu akumwetulira. Kumbuyo, pagalasi, kunali denga la nyumba yawo, mawindo onse otseka. Dzanja la a Tam linapita pa kiyi monga linazolowera. Pa mpando wakumbuyo Loc ankayang'ana kutsogolo, ndipo Diep ankayang'ana dzanjalo. A Tam anagwira kiyi mpaka pakati pa chitsetso. Kenaka anabweza dzanja pa chiwongolero. Galimoto inatsika ikung'ung'udza pang'onopang'ono n'kuima pa chipata.

Anthu anadikirabe. Ena anasuzumira kumbuyo kwa galimoto. Kenaka manja anayamba kutsika m'makutu mmodzimmodzi.

A Hai Kieng anabwera pa windo, nkhope ikumwetulira chifukwa cha alendo. "Asebele, yatani?"

"Yachira, asebele."

"Yasankha tsiku labwino lochirira."

Diep anatsika yekha osadikira kutseguliridwa, analowa pa khomo lakutsogolo ali chilili. A Tam anakhala pa tebulo la akuluakulu chifukwa malowo anali awo, koma mowa unawafika pomalizira. Anapirira mpaka alendo atayamba kuchoka, dzuwa litapendeka.

Pobwerera sanazimitse kiyi pa mlatho. Anadutsa pa khofi, anadutsa pa bwemba, anaima pakhomo injini ikulira. Pakhonde panalibe munthu, ndipo pa moto panalibe mphika. Anapeza a Lua pansi pa bedi, thonje lili m'makutu, malaya a ukwati atadetsedwa ndi thukuta. Matayala sanawamve chifukwa cha thonjelo, ndipo palibe amene anakumbukira kudzawauza. A Tam anagwada movutika n'kuwakhudza phazi. A Lua anachotsa thonje la khutu limodzi.

"Mwawomba?"

"Ayi."

"Ndakhala muno kuyambira m'mawa ndikudikira. Bwenzi mutangowomba, bwenzi nditatuluka kalekale." Anachotsa thonje linalo. "Nanga mwana?"

"Walowa pa khomo lakutsogolo."

"Adzamudya apongozi ake aja."

"Ndikudziwa."

Anatuluka pang'onopang'ono, chifukwa miyendo inali itachita dzanzi. Ali chigwirire chitseko anapendeketsa mutu. "N'chiyani chikulira panjapo?"

"Ndi yathu."

Anapita mpaka pa galimoto n'kuika chikhatho pa bonati, pakati pa maluwa amene anamanga okha. Anamvetsera nthawi ndithu.

"Imangolira chonchi basi?"

"Basi."

"Ngati makina osokera," anatero a Lua. "Zimitsani, petulo akupita pachabe."

M'mawa mwake a Tam anaikankhanso mpaka ku fakitale. A Sau atawafunsa kuti akuvutikiranji pamene galimoto inachira, anayankha kuti chitsulo chowotcherera sichilumbira.

Msika unawerengadi miyezi. Mwana woyamba wa Diep anabadwa pa 2 Malichi 1999, ndipo owerenga anasiya, koma a Hai Kieng sanasiye. Nsalu zikapanda kugulidwa, mwana akatsokomola, denga likadontha, ankati n'chifukwa chakuti tsoka silinathamangitsidwe pa chipata. Sanadyenso m'nyumba ya a Tam. Diep anapirira mpaka mu 2001, pamene iye ndi Loc anasamukira ku Saigon.

A Tam sanawombenso pa ukwati wa munthu aliyense. Anthu anawachonderera nyengo imodzi, kenaka anapeza njira zina. Ena ankaboola mabaluni, ena ankaliza kaseti ya makombola pa wailesi yaikulu. Kunabweranso galimoto zoyera zatsopano, zozizira mkati, ndipo akwati anasiya kufuna yakuda. A Tam anachotsa nsalu yofiira n'kuyamba kunyamula miphika ya maluwa kupita kokwerera mabwato, nthawi zina odwala, nthawi zina abakha. Msana unapindika. Pa bwemba ankayamba apuma kaye asanaike phewa, ndipo a Sau anasiya kuwaseka, mwina chifukwa nawonso mano anali atatha. Lamlungu a Lua ankakhala pakhonde, akusankha mpunga, ndipo ankadzutsa mutu akamva matayala pa timiyala.

A Lua anamwalira Loweruka pa 9 Ogasiti 2003, atadwala masiku ochepa. M'galimoto sanakweremo mpaka mapeto. Tinkaganiza kuti tsopano a Tam azifika pakhomo akuyendetsa, koma sizinatero. Chaka chonse cha maliro ankazimitsa kiyi pamwamba pa mlatho, ndipo m'kamsewu munalibe amene analimba mtima kuwafunsa.

Mwambo wa chaka utachitika, Diep anabwera kudzawatenga. Galimoto inapeza mwini watsopano, bambo wina wa mumzinda wosonkhanitsa galimoto zakale, amene anafika ndi dalaivala wake m'mawa wa tsiku losamuka. Dalaivalayo anakhala pa mpando, anaponda moto kawiri, n'kuiliza pakhomo pomwepo. A Tam, amene anali atanyamula chithunzi cha a Lua chokulunga m'nsalu, anachipereka kwa Diep, analowetsa dzanja pa windo n'kuzimitsa kiyi.

"Pano sitilizira," anatero. "Tsikani, achimwene, mugwire kumbuyo."

Alendowo anayang'anana, koma anamvera. Anaikankha atatu mpaka kuseri kwa fakitale ya madzi oundana, imene inali itatsekedwa kalekale, makina ake atagulitsidwa. A Tam anawauza kuti asagule petulo wa m'mabotolo, ndiponso kuti paipi yakutsogolo aziiyang'ana pamwamba, osati kunsi kokha. Sanadikire kuti aione ikunyamuka. Anabwerera wapansi, anatseka nyumba, anamwa khofi theka kwa a Sau, n'kuwoloka mlatho pang'onopang'ono, Diep atawagwira mkono. Madzi anali atayambanso kukwera m'ngalande. Anakwera basi ya masana yopita ku Saigon, Lamlungu pa 3 Okutobala 2004.